Mazira a kwa aneba ndi mkaka wa pa njinga

Chikwerereni mitengo ya zinthu, kuseri kwa nyumba zambiri ku Bangwe, ku Chigumula ndi ku Machinjiri kwamera timakola ta nkhuku. Ukamadutsa m'tinjira ta m'makwalala umangoona kakatoni kapachikidwa pa geti, kolembedwa ndi khala kuti mazira alipo. Mkaka nawo ukutsika ndi msewu wa Thyolo kusanache, m'zigubu zomangirira pa keliyala ya njinga, kuchokera ku Bvumbwe ndi midzi ya kufupi. Anthu akugula, akudya, koma chimene akuchita kwambiri ndi kulankhula. Pa mpopi, pa chigayo, m'minibasi ya ku Limbe, pa bawo pansi pa mango, aliyense wasanduka mlangizi wa ziweto. Ine ndakhala ndikutola zonenazo mokondwa, chifukwa zambiri n'zoseketsa, zina n'zoona ndithu, ndipo zingapo zikhoza kugoneka mwana m'chipatala.

Pa mpopi mlandu unagamulidwa kale: dzira la nkhuku yachikuda ndiye dzira, lachizungu ndi madzi okhaokha. Umboni wake ndi wa maso. Mayi wina wogulitsa mandasi amati akaswa la lokolo, chikasu chake chimatuluka chofiirira, chokhuthala, choimirira bwino m'mbale, pomwe la m'sitolo limatuluka lotuwa, lomvetsa chisoni. Zimene amaonazo n'zoona, koma chifukwa chake chili pa zimene nkhukuyo yadya. Nkhuku yoyendayenda imajompha bonongwe, chisoso, udzu wanthete, ziwala ndi chiswe, ndipo utoto wa m'masambawo umakathera m'dzira. Ya m'khola imadya chakudya chopangidwa ndi chimanga choyera, ndiye chikasu chituwa basi. Muipatse masamba kapena chimanga chachikasu, pakapita masabata ochepa dzira lake lisintha maonekedwe. Chigoba nacho, kaya n'choyera kaya n'chofiirira, chimatengera mtundu wa nkhuku ndipo sichinena kanthu za zimene zili m'kati. Zomanga thupi zimakhalamo mofanana ndithu. Pa nkhani ya kukoma pokha ndili mbali ya amayi a pa mpopi, ndipo sindisuntha.

Amene wasokoneza mtendere ndi aphunzitsi ena opuma ntchito, amene masamu sanawachoke m'mutu. Iwo anakhala pansi n'kuwerengetsera. Nkhuku yachikuda imaikira mazira 10 mpaka 15, kenako imafuna kukhalira, kuswa ndi kulera anapiye. Pa chaka imachita zimenezi katatu kapena kanayi, kutanthauza mazira 30 mpaka 60. Yachizungu ya mazira, ikamadya bwino, imayandikira 300. Zakuda za Mikolongwe, zimene boma lakhala likugawa kuchokera ku Chiradzulu kuti zikweze mtundu wa nkhuku za m'midzi, zili pakati pa ziwirizi. Ndipo nkhuku iliyonse, ngakhale yakhama chotani, imatenga tsiku lathunthu ndi kakuposerapo kuti ipange dzira limodzi. Tsono aphunzitsiwa atapeza bambo wina wa nkhuku zisanu akugulitsa thireyi ya mazira 30 "a lokolo" tsiku ndi tsiku, anaima pa geti n'kufunsa mwaulemu wonse:

"Aneba, pepani ndifunse nawo. Nkhuku zanuzi zimagwira shifiti ya usiku?"

"Aphunzitsi, inu gulani mazira. Za mashifiti tisiyireni eni ake."

Funsolo lazungulira dera lonse, ndipo latulutsa mphekesera yoti ena amakagula mathireyi ku Limbe, n'kusankha ang'onoang'ono, kuwapaka zitosi pang'ono ndi kumatapo kanthenga kuti aoneke a kumudzi. Anthu amaseka mpaka kugwira nthiti, koma mphekeserayi yaulula chinthu chimene chikundidetsa nkhawa: ambiri tayamba kuona zitosi ngati chidindo chotsimikiza kuti dzira ndi lenileni. Zitosi za nkhuku ndi kumene kumakhala tizilombo ta Salmonella ndi Campylobacter, toyambitsa kutsegula m'mimba, kusanza ndi kutentha thupi. Dzira labwino ndi limene latuluka loyera m'chisa chouma, chosinthidwa udzu kawirikawiri, ndipo latoledwa tsiku lomwelo.

Apa ndiye panabuka mkangano wa kutsuka, ndipo unagawa amayi awiri a mpingo umodzi. Wina ali ndi mwana ku America, amene anamuuza pa foni kuti dzira limatsukidwa n'kuikidwa m'firiji, kupanda kutero ndi poizoni. Winayo ali ndi mwana ku Manchester, amene anati kumeneko mazira amangokhala pa shelefu m'sitolo, osatsuka, osaziziritsa. Aliyense ankaganiza kuti mwana wa mnzake ndi wabodza, chonsecho ana onsewo ananena zoona. Ku America mazira a malonda amatsukidwa ndi makina, ndipo malamulo amafuna kuti asungidwe pozizira mpaka afike kwa wogula. Ku Britain ndi maiko a ku Ulaya, mazira a giredi yoyamba saloledwa kutsukidwa. Nkhani yagona pa kachikopa kopyapyala, kosaoneka ndi maso, kamene nkhuku imakuta nako dzira poikira. Chigoba chili ndi timabowo masauzande ambiri topumira, ndipo kachikopako ndi kamene kamatseka kuti tizilombo tisalowe. Ukatsuka, makamaka ndi madzi ozizira, kachikopako kamachoka ndipo madziwo akhoza kukokera litsiro m'kati.

Kwa ife kuno, kumene magetsi amapita osatsanzika, njira ya ku Manchester ndi imene ikutiyenera. Dzira lotuluka m'firiji imene yazima limachita thukuta, ndipo chinyonthocho chimathandiza tizilombo kudutsa pa chigoba. Ndi bwino kulisiya losatsuka pamalo ozizira bwino a m'nyumba, mbali yosongoka italoza pansi, kupukuta kalitsiro ndi kansalu kouma, n'kulitsuka pokhapokha nthawi yophika itakwana. Mu Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo, musalisunge kupitirira sabata imodzi kapena ziwiri. Mayi wina amalemba tsiku ndi pensulo pa dzira lililonse akangolitola, ndipo anzake anamuseka kuti akulembera nkhuku kaundula. Ine ndinaona kuti ndi nzeru zofunika kukopera.

Pa okala ya pa kona pali mnyamata amene amayesa mazira m'beseni la madzi pamaso pa wogula. Logona pansi ndi latsopano, loimirira lakhalitsa, loyandama ndi lotaya. Kuyesaku n'koona, chifukwa dzira likamakalamba madzi ake amauma pang'onopang'ono ndipo kathumba ka mpweya ka kumbali yobulungira kamakula. Koma beseni limangonena msinkhu wa dzira. Dzira la m'mawa womwewo likhoza kukhala ndi Salmonella m'kati mwenimweni, wochokera m'thupi la thadzi looneka lathanzi, ndipo limira bwinobwino. Komanso dzira loviikidwa m'besenilo lanyowa kale, liphikidwe tsiku lomwelo. Ena amaopa mazira a nkhuku yoyenda ndi tambala, ati mungadye mwanapiye. Mwanapiye amayamba kukula nkhuku ikakhalira, ndipo amatenga masiku 21 kuti aswe. Lotoledwa tsiku lomwelo lilibe vuto, ndipo kadontho ka magazi kamene nthawi zina kamaoneka pa chikasu si mwanapiye. Choopsa ndi nkhuku yobisa chisa m'tchire, imene ana amakaitulukira itakhalira kale sabata yathunthu, mazira ena atasukusa. Amene anaswerapo dzira losukusa m'ufa wa chigumu safuna kuuzidwa kawiri kuti dzira lililonse liyambe laswedwera m'kapu payokha.

Mlandu umene sunathe ndi wa nkhuku imene imadya kwa mwini wake koma kukaikira m'khitchini ya aneba. Mwini nkhuku akuti mazira ndi ake chifukwa madeya ndi ake. Mwini khitchini akuti lendi sinalipidwe. Amfumu a m'dera akuti agawane, koma mbali zonse zikukana, ndipo nkhukuyo ikupitirizabe kuikira komweko.

Tsono pali a mazira aawisi. Ku kwaya kuli amayi oimba soprano amene amameza dzira laliwisi m'mawa wa Lamulungu kuti mawu asalale. Kuseri kwa msika kuli anyamata onyamula zitsulo zoumbidwa ndi simenti, amene amaswera mazira atatu m'kapu ya mkaka wosawiritsa n'kugugudiza, ati minofu ituluke msanga. Ndimawakonda anyamatawa chifukwa cha khama lawo, ndipo n'chifukwa chake zimandipweteka kuona akutaya ndalama. Dzira silidutsa m'njira ya mawu. Limatsikira kum'mero kupita m'mimba ngati chakudya china chilichonse. Za minofu ndiye zinayesedwa kale: pa zomanga thupi za m'dzira laliwisi, thupi limangotolapo pafupifupi theka, pomwe pa dzira lophika limatola magawo 9 pa 10 aliwonse. Mnyamata womeza atatu aawisi akanapindula chimodzimodzi ndi awiri owiritsa, lachitatulo n'kusiyira mng'ono wake, osaikanso mimba yake pa chiswe. Mazira owiritsa a pa depoti aja, othira mchere ndi tsabola, ndi abwino kuposa kapu yawoyo, bola akhale a tsiku lomwelo ndipo chigoba chikhale chosasweka.

Nkhani imodzi yokha ya mazira siindiseketsa. Pa chigayo ndinamva agogo ena akulangiza mdzukulu wawo woyembekezera:

"Iwe mwanawe, mazira usiye kaye. Ufuna kutiberekera mwana wopanda tsitsi?"

"Agogo, ku sikelo akuti tizidya."

"A ku sikelowo anabereka angati?"

Anthu anaseka, inenso ndinamwetulira chifukwa agogowo amalankhula mokoma, ndipo amatero chifukwa chomukonda mdzukuluyo. Koma tsitsi la mwana silikhudzana ndi dzira, ndipo khunyu limene ena amaopsezera nalo ana aang'ono silichokera m'dzira. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno anali opinimbira. M'dziko lotere, kumana mayi woyembekezera ndi mwana wa miyezi isanu ndi iwiri chakudya chimene chikuikiridwa pakhomo pomwepo ndi kutaya chuma. Dzira lophika mpaka choyera ndi chikasu zitalimba, lonyenyera m'phala, mwana akhoza kuyamba kudya akangokwanitsa miyezi isanu ndi umodzi. Zimandiwawa kuona mayi akugulitsa mazira onse pa geti n'kukagulira mwana wake kapaketi ka zokometsera pakamwa ku okala.

Za mkaka ndiye zimayamba ndi belu la njinga. Bambo wa mkaka amadziwa khomo lililonse, amakongoza mpaka pa mapeto a mwezi, amathira kapu yodzadza n'kuwonjezera ka pulayizi. Mkaka wake ndi wotsika mtengo kuposa wa m'paketi, ndipo ukauwiritsa umasiya mafuta okhuthala pamwamba amene ana amalimbirana. Palibe wodabwa kuti anthu amamukonda. Koma nthabwala imene siitha m'minibasi ndi ya mayi amene akuti anapeza mbululu ikusambira m'mkaka, n'kufunsa wogulitsa ngati ng'ombe yake imakhala m'dambo. Nthabwalayi ndi yakale ndipo dera lililonse limati zinachitika kwawo. Amayi ali ndi njira yawo yoyesera: amadontheza mkaka pa chikhadabo, ukaima n'kubulungira ndi wabwino, ukayenderera ndi wothira madzi. Ogulitsa ena akuti anaidziwa njirayi, ndipo amasungunuliramo kaufa kuti ukhuthale.

Anthu akamadandaula za madziwa amadandaula za kuberedwa, ndipo n'zomveka. Ine chimene chimandiopsa ndi kumene madziwo atungidwa. Munthu wothira madzi mobisa panjira sakafuna madzi owiritsa. Amatunga pa chitsime kapena pa mtsinje umene wayandikira. Onjezanipo chigubu cha pulasitiki cha kukamwa kung'ono, chimene dzanja sililowa potsuka, ndiponso ulendo wa maola angapo. Mkaka umatuluka m'bere uli wofunda ngati thupi la ng'ombe, ndipo pa kutentha kotero tizilombo tina timachulukana kawiri m'mphindi 20 kapena 30 zokha.

Alimi a ku Thyolo, Chiradzulu ndi Mulanje amene ali m'magulu osonkhanitsa mkaka, pansi pa bungwe la Shire Highlands Milk Producers Association, amadziwa bwino zimenezi. Mkaka ukafika pa malo a gulu umayesedwa kawiri. Amaviikamo kachipangizo kagalasi kotchedwa lactometer kamene kamaulula ngati mwathiridwa madzi, kenako amasakaniza pang'ono ndi sipiriti: ukagwirana, ndiye kuti wayamba kusasa kapena ng'ombe ili ndi matenda a bere. Wopambana mayeso umalowa m'thanki yoziziritsa kudikira galimoto za makampani monga Suncrest ndi Lilongwe Dairy. Funso limene bambo wina wa kabaza anaponya pa siteji, ndipo palibe anafuna kuliyankha mokweza, ndi lakuti: nanga wokanidwa uja umapita kuti? Sikuti wa pa njinga wonse ndi wokanidwa. Alimi ambiri oona mtima amagulitsa kwa mavenda chifukwa venda amalipira pompopompo, pomwe ku gulu umadikira mwezi uthe, mwana ali pakhomo wathamangitsidwa fizi. Koma wogula pa geti alibe lactometer, ndipo mkaka wa alimi angapo ukasakanizidwa m'chigubu chimodzi, wa ng'ombe imodzi yodwala umaipitsa wonse.

Zonsezi sizikanavuta, chifukwa Amalawi a m'tauni takhala tikuwiritsa mkaka chiyambire, tiyi wathu ndi wa pa moto. Chatsopano ndi timavidiyo ta pa WhatsApp ndi TikTok, ta anthu a ku America ovala bwino, akumwa mkaka wosawiritsa m'matambula agalasi n'kumati moto umapha mphamvu zonse za mkaka. Achinyamata ena atengeka nazo, ndipo apeza mboni yosayembekezeka pa bawo: madala ena a ku Ntcheu amene anakulira kubusa.

"Ana inu, ife tinkakamira mkaka m'kamwa kudambo, ng'ombe ili chiimire. Taonani ndafika zaka izi, mano onse alimo."

"Madala, nanga anzanu munkaweta nawo aja onse alipo?"

"Ena anapita, koma ndi malungo."

Madalawa sanama, ndipo ubusa wawo ndimaulemekeza. Koma iwo ankamwa mkaka wa ng'ombe imodzi imene ankaidziwa, mphindi yomweyo utatuluka m'bere. Umenewo ndi wosiyana kutali ndi wa m'chigubu chimene chayenda pa njinga kuchokera ku Bvumbwe. Ndipo mawu akuti malungo amabisa zambiri. Matenda a brucellosis, amene amapolozetsa ng'ombe ndi mbuzi, akalowa mwa munthu kudzera mu mkaka wosawiritsa amabwera ndi kutentha thupi kobwerezabwereza, thukuta la usiku ndi kuphwanya kwa mfundo, moti munthu amangomwa mankhwala a malungo osachira. Chifuwa chachikulu cha ng'ombe chimadutsa njira yomweyo, ndipo mwa ana chimakonda kutulukira m'zotupa za m'khosi kapena m'mimba. Ku Britain, m'zaka za m'ma 1930, chinkapha anthu oposa 2,000 pa chaka, mpaka pamene kutenthetsa mkaka ndi kuyeza ng'ombe kunakhazikika. Pali E. coli wochokera ku ndowe, amene akhoza kuwononga impso za mwana, ndi Listeria amene amachotsa mimba ndipo amakula ngakhale m'firiji. Ng'ombe ikhoza kuoneka yonenepa, mkaka n'kukhala woyera, wonunkhira bwino, tizilomboti tili momwemo. Akuluakulu anati tsoka silinunkha.

Opanga timavidiyo aja sanena kuti kwawo komweko, mu Malichi 2024, chimfine cha mbalame cha H5N1 chinapezeka m'ng'ombe za mkaka, kachilombo kake kali kochuluka mu mkaka wosatenthetsa, pomwe wotenthetsa unapezeka wotetezeka. Sanenanso kuti ku Scotland kugulitsa mkaka wosatenthetsa n'koletsedwa, ndipo ku England umaloledwa kugulitsidwa ndi alimi olembetsedwa okha, ng'ombe zawo zikuyezedwa, botolo lili ndi chenjezo. Njira yotenthetsayi, imene inatenga dzina la Louis Pasteur wa ku France amene anaiyamba ndi vinyo m'zaka za m'ma 1860, ilibe matsenga: madigiri 72 kwa masekondi 15, kapena madigiri 63 kwa mphindi 30. Mbaula yathu imapitirira pamenepo. Mkaka ukabwata mpaka kufufuma, mukutakasa kuti usapserere, tizilombo tonse tatchulidwa apa tafa. Chimene chimachepako ndi mavitamini ochepa amene timawapeza kale m'masamba ndi zipatso. Zolimbitsa mafupa ndi zomanga thupi zimatsala. Muuvundikire mu poto yemweyo, uzizire msanga, ndipo kapu imene munayezera wosawiritsa isabwererenso m'menemo.

Pa chambiko pokha ndi pamene ngakhale amayi osamala kwambiri amaterereka. Ambiri amakhulupirira kuti kusasa kumapha chilichonse, ndipo amati mkaka wowiritsa sugona bwino. Kusasa kumafooketsadi tizilombo tina, koma ta chifuwa chachikulu ndi ta brucellosis tikhoza kupirira masiku angapo m'chambiko. Zoti wowiritsa sugona bwino zili ndi choonadi chake, chifukwa moto umaphanso tizilombo tabwino tosasitsa. Mankhwala ake ndi osavuta: wiritsani, dikirani ufike pofunda, thiranimo masupuni awiri a chambiko chabwino cha dzulo kapena cha m'paketi, vundikirani. Mawa mupeza chogwirana bwino, chokoma ndi nsima yotentha. Chimene sindingagule ndi chambiko cha madzulo cha pa njinga, chimene kawirikawiri ndi mkaka wa m'mawa umene unakanika kugulidwa n'kusasa wokha padzuwa.

Pali zinthu ziwiri zimene moto sungathe, ndipo apa ndi pamene kugula kwa aneba kumaposa kugula kwa munthu wosamudziwa. Choyamba ndi mankhwala. Ng'ombe ikabayidwa jakisoni wa matenda a bere, kapena nkhuku zikamwetsedwa makapisozi, mankhwalawo amatulukira mu mkaka ndi m'mazira kwa masiku angapo, ndipo pa botolo pamalembedwa masiku oyenera kudikira musanagulitse. Kuwiritsa sikuwachotsa onse. Amayi opanga chambiko ndi amene amayamba kuzindikira, chifukwa mkaka wa mankhwala umakana kugona ngakhale uthiremo chambiko chabwino chotani. Kumwa timankhwala totere pang'onopang'ono kumazoloweretsa tizilombo, tsiku lodwaladi mankhwala a kuchipatala n'kukanika kugwira ntchito. Ndipo chizolowezi chotsegula makapisozi a anthu n'kuthira m'madzi a nkhuku chafala kwambiri m'makwalalamu. Chachiwiri ndi chuku. Madeya onyowa, chimanga chowola chimene timati n'cha ziweto, zimakhala ndi poizoni wa aflatoxin, amene amadutsa m'thupi la ng'ombe n'kukafika mu mkaka, ndipo saopa moto. Poizoniyu amawononga chiwindi.

Kwa aneba ukhoza kusuzumira m'khola. Ukhoza kuona ngati wokama amasamba m'manja ndi kutsuka bere, ngati madeya ali pouma, ngati nkhuku zikugona kwaokha kapena m'chipinda chimodzi ndi ana okwawa. Vuto ndi lakuti timachita manyazi kufunsa, kuopa kuoneka ngati tikunyoza. Mayi wina wa mu banki mkhonde anandisangalatsa ndi mmene anafunsira:

"Amake mwana, ng'ombe ija ndinamva kuti inadwala bere. Yapeza bwanji?"

"Yachira, asisi. Adokotala anaibaya Lachiwiri."

"Zikomo, Mulungu ndi wabwino. Ndiye ine ndidzayambirenso kutenga sabata yamawa, masiku a mankhwala akatha. Ndalama ya sabata ino isungeni, tidzawerengera kutsogolo."

Palibe anakwiya. Mwini ng'ombe sanataye kasitomala, wogula sanamwetse ana ake mankhwala, ndipo chinansi chinatsala chilili. Safunsa anadya phula, koma kufunsa nako kuli ndi kafunsidwe kake.

Gulu la banki mkhonde lomwelo ndi limene labweretsa nkhani yatsopano sabata ino. Nyengo yotentha ikuyandikira, nthawi imene chitopa chimasesa makola, ndipo amayiwa agwirizana kusonkha ndalama yogulira katemera wa I-2, wodontheza kadontho kamodzi m'diso la nkhuku, amene amafunika kubwereza pakapita miyezi itatu kapena inayi. Kabotolo kamodzi kakwana nkhuku za makomo ambiri, ndipo alangizi a ziweto avomera kubwera Loweruka m'mamawa nkhuku zisanatuluke. Onse anaomba m'manja mpaka wina anakumbutsa kuti nkhuku za bambo wina wa kumtunda sizigona m'khola, zimagona pamwamba pa mtengo wa mapeyala, ndipo zimatsika tambala woyamba akangolira. Amayi akuti akwere ndi anyamata a zitsulo aja, poti mphamvu ali nazo. Anyamatawo avomera, koma akuti malipiro awo akhale thireyi ya mazira, ndipo mkangano tsopano uli poti thireyiyo ichokere kwa yani.